Kuphunzitsa za selo kuyambira pa mjigo wa madzi amchere

Mwezi wa Okutobala ku Ngabu, ikamakwana 10 koloko m'mawa malata a labu amakhala atayamba kale kuthetheka. Dontho la madzi limene mwaika pa slide limauma musanamalize n'komwe kufotokoza zimene ophunzira akuyenera kuona. Choncho ngati mwapatsidwa kalasi ya cell biology kuno kuchigwa, pemphani kuti ntchito ya m'labu iziyamba 7 koloko, zolankhula zizibwera pambuyo. Tengani ndi kabotolo ka Vaseline, muzipaka pang'ono m'mbali mwa kagalasi kovindikira kuti madzi asathawe.

Ine ndinakulira konkuno, m'minda ya thonje ndi mapira. Ndimaphunzitsa ophunzira a chaka choyamba ku yunivesite, ndipo nthawi ya tchuthi ndimatsika chitunda cha Thabwa kudzakumana ndi aphunzitsi a sekondale amene akuchita digiri akugwira ntchito, ochokera ku Chikwawa, Nchalo, Bangula mpaka ku Marka. Timabwereka labu ya sukulu ina. Ena mwa iwo ndi akuluakulu kuposa ine, ana awo ali ku koleji.

Chaka changa choyamba ndinaphunzitsa mmene anandiphunzitsira ine. Ndinajambula selo lalikulu pa bolodi, mivi ikuloza uku ndi uku: nucleus, Golgi, lysosome, chilichonse ndi ntchito yake. Pa mayeso pafupifupi onse anakhoza chithunzi chimenecho. Koma kumapeto ndinaika funso lakuti, n'chifukwa chiyani mwana wotsekula m'mimba timamupatsa Thanzi m'malo mwa madzi wamba? Mapepala ambiri anabwera oyera pamenepo. Zinandiwawa, chifukwa anthu amenewa amabwerera kukaphunzitsa m'midzi imene kolera ndi mlendo wodziwika. Vuto silinali lawo. Ndinawapatsa mayina oti aloweze, selo lenilenilo sindinawaonetse likugwira ntchito. Zimene ndikulemba pano ndi zimene ndakhala ndikuchita kuyambira pamenepo.

Sabata yoyamba, diso pa maikulosikopu

Musadikire kuti amalize mitu itatu. Tsiku loyamba lomwelo aliyense asende kakhungu kopyapyala ka mkati mwa anyezi, akaike pa slide, adontheze iodine. Ambiri anakhoza Biology pa MSCE asanagwirepo maikulosikopu, ndipo sangakuuzeni chifukwa cha manyazi. Mudzawadziwa ndi mmene amapotozera chokwezera chachikulu ali pa lens ya 40, mpaka kagalasi kuti tswa. Aphunzitseni kuyambira pa lens ya 4, akuyang'ana cham'mbali potsitsa, ndipo musakalipe kagalasi kakasweka.

Yendani benchi ndi benchi, muone zimene ajambula. Chaka chilichonse pamapezeka wina amene wajambula bwinobwino timipira tozungulira ta mphete yakuda, n'kulemba kuti maselo. Ndi thovu la mpweya limenelo. Winanso amakujambulirani mitochondria ndi ribosome zimene sakuziona, akungokumbukira za m'buku. Bambo wina wa ku Bangula, watsitsi la imvi, nditamufunsa kuti andilozere ribosome yakeyo pa slide anayang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Madamu, kunena zoona sikuoneka, koma ndimadziwa kuti ilipo." Pamenepo ndi pamene ndimafotokozera kuti maikulosikopu ya kuwala siingasiyanitse zinthu zoyandikana kuposa 0.2 micrometre (micrometre ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita), pamene ribosome ndi yaing'ono kakhumi kuposa apo. Lamulo langa ndi limodzi: pensulo ijambule zimene diso laona basi.

Tsiku lomwelo ayeze. Ikani rula ya pulasitiki yoonekera pansi pa lens ya 4, awerenge mamilimita amene akukwana m'bwalo lowala lija. Pa maikulosikopu ambiri a m'sukulu amakhala anayi ndi theka, kutanthauza kuti pa lens ya 40 bwalolo ndi 0.45 mm. Selo lofiira la magazi ndi la 7 kapena 8 micrometre, ndiye oterowo 60 atandandana akhoza kudutsa bwalo lonse. Munthu akawerengera yekha zimenezi, mawu akuti micrometre amasiya kukhala chilembo chachilendo.

Kenako ndimatulutsa m'thumba thonje lokhala ndi njere zake. Aliyense m'kalasimo anatolapo thonje ali mwana, ena amalimabe. Ndimawauza azule kaulusi kamodzi pa njere, akayeze ndi rula, kamatalika masentimita awiri kapena atatu. Kaulusi kameneko ndi selo limodzi, lomera kuchokera pa khungu la njere, chipupa chake pafupifupi chonse ndi cellulose. M'kalasi mumati zii. Mbiri ya Robert Hooke, amene anaona timabokosi m'khungwa la mtengo n'kutitcha maselo m'chaka cha 1665, ndi ya Schleiden ndi Schwann a 1838 ndi 1839, ndimaikamba mphindi khumi zokha, atatha kuona okha.

Mchere

Apa ndi pamene ndimakhalitsa, masabata atatu athunthu, ndipo sindidandaula kuti mitu ina ifupika. Munthu wakuchigwa amaudziwa mchere. Amadziwa mjigo umene madzi ake sopo sachita nawo thovu, amadziwa munda umene umatuwa pamwamba dzuwa likawala, pamene chimanga chimafota chinyezi chilipo. Amadziwa kuti makakana opakidwa mchere saola msanga. Zonsezi ndi phunziro la nembanemba yokuta selo, kungoti sanauzidwe.

Chitani chonchi. Konzani makapu asanu a madzi okwana 100 ml. Loyamba musaikemo kanthu, enawo muikemo mchere wa magalamu 0.5, 1, 2 ndi 5. Kapu yachisanu ndi chimodzi ikhale ya madzi a pa mjigo wamchere, amene mwapempha wophunzira mmodzi kubwera nawo m'botolo. Dulani mbatatesi timizere tofanana, totalika masentimita anayi, mutipukute, mutiyeze pa sikelo. Musanaviike, aliyense alembe m'kope zimene akuganiza kuti zichitika m'kapu iliyonse, asainire mnzake. Gawo limeneli musalidumphe. Munthu amene walosera n'kulakwa saiwala, pamene wongoonerera amaiwala asanafike pa depoti. Vindikirani makapuwo, chifukwa kutentha kwa kuno kumaumitsa madzi n'kuwonjezera mphamvu ya mchere, zotsatira n'kusokonekera. Pakatha ola limodzi ayezenso, ajambule girafu ya kusintha kwa kulemera. Pamene mzere wadutsa pa ziro ndi pamene madzi a kunja akufanana mphamvu ndi a mkati mwa selo. Kenako afune okha pamene madzi a pa mjigo aja agwera pa girafuyo.

Podikira ola lija musakhale chabe. Tengani anyezi wofiira, musende kakhungu kofiirako, muike pa slide ndi madzi wamba. Wophunzira ali chiyang'anire, dontho la madzi a mchere wa magalamu asanu aja lidonthezedwe mbali imodzi ya kagalasi, mbali inayo mukoke ndi tishu. M'mphindi zochepa mtundu wofiira uja umayamba kunyala, kusiyana ndi chipupa, n'kukhala kachithumba pakati pa bokosi. Mukabwezera madzi wamba kamafufumanso. Ndaona zimenezi kambirimbiri koma mpaka lero ndimapempha kuti nane ndisuzumire. Mayi wina amene ali ndi dimba kufupi ndi Elephant Marsh anadzuka pa mpando n'kunena kuti, "Ndiye kuti mizu ya chimanga changa imachita chonchi?" Inde, imachita choncho. Madzi amachoka kumene kuli mchere wochepa kupita kumene kuli wambiri, imeneyi ndiyo osmosis, ndipo chomera chimafa ludzu chili m'dothi lonyowa.

Atatha kuona, mayina amalowa mosavuta. Ndimafotokoza kuti nembanemba ya selo ndi mafuta osanjikizana pawiri ndi mapuloteni oyandama m'menemo, monga anafotokozera Singer ndi Nicolson m'chaka cha 1972. Ndimakamba za aquaporin, timipata ta madzi timene Peter Agre anatitulukira, ndi za pampu imene imatulutsa sodium atatu n'kulowetsa potassium awiri pa ATP imodzi (ATP ndi chonyamula mphamvu m'selo), pampu yomwe Jens Skou anaipeza mu 1957. Ndimawafunsanso chifukwa chake diripi ya kuchipatala imalembedwa 0.9%, ndiponso chimene chingachitike kwa maselo ofiira ngati mu mtsempha mutalowa madzi opanda kanthu.

Tsopano funso la Thanzi lija limakhala ndi poima. Aliyense pano akukumbukira mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, ena anaika abale awo m'manda, ndiye muyankhule mwaulemu, musachite ngati nkhani yosangalatsa ya sayansi. Poizoni wa kachilombo ka kolera akalowa m'selo la m'matumbo amakanikiza G protein, puloteni imene ili ngati switchi ya uthenga, kuti isazime. Pamenepo cAMP, yonyamula uthenga mkati mwa selo, imachuluka, mpata wa CFTR umakhala chitsegukire, chloride imakhuthukira m'matumbo, sodium imatsatira, madzi nawo amatsatira mchere monga zinachitikira kwa anyezi uja. Wodwala kwambiri amatha kutaya lita yathunthu pa ola limodzi, madzi ooneka ngati otsukira mpunga. Koma pa selo lomwelo pali khomo lina lotchedwa SGLT1 limene poizoniyo salikhudza, ndipo limalowetsa sodium pokhapokha atagwirana dzanja ndi glucose. Robert Crane ndiye anafotokoza zimenezi mu 1960. N'chifukwa chake mu paketi muja muli shuga ndi mchere pamodzi, ndipo n'chifukwa chake muyeso wa lita imodzi si wongoganizira: mukachepetsa madzi, chakumwacho chimakoka madzi a m'thupi m'malo mowabwezera. M'phunziro limodzi lomweli mwaphunzitsa osmosis, kayendedwe ka zinthu pa nembanemba, ndi mmene uthenga umayendera mkati mwa selo.

Malungo akuthandizeni kuphunzitsa za mkati

Za Golgi ndi endoplasmic reticulum zimagonetsa tulo mukaziika pa mndandanda. Ine ndimalowera ku malungo, pakuti palibe mmodzi m'kalasimo amene sanamwepo LA. Bwerekani ma slide okonzedwa kale, a magazi opakidwa utoto wa Giemsa, kwa anzanu a labu ya chipatala. Musabaye ophunzira zala. Ngozi ya HIV ndi matenda a chiwindi si yoseweretsa, ndipo labu ya sukulu ilibe potayira masingano. Mukafuna magazi atsopano, pemphani a mbuzi kwa opha nyama pa msika m'kabotolo kokhala ndi mankhwala oletsa kuundana. Mutengenso a nkhuku, ophunzira adzaone okha kuti maselo ofiira a mbalame ali ndi nucleus pamene a mbuzi ndi athu alibe.

Pa lens ya 100 ndi dontho la mafuta ake, adzaona kamphete kakang'ono ka buluu kokhala ndi kadontho kofiira mkati mwa selo. Alphonse Laveran, dokotala wa asilikali ku Algeria, ndiye anayamba kuona kachilomboka m'magazi a wodwala m'chaka cha 1880. Funso langa limakhala ili: selo lofiira lilibe nucleus, lilibe ribosome, lilibe Golgi. Komabe kachilombo ka malungo ka Plasmodium falciparum kakalowamo, pamwamba pa selolo pamatuluka tizotupa tokhala ndi puloteni yatsopano ya PfEMP1, imene imamatirira ku makoma a timitsempha kuti selo lisapite kukaphwanyidwa ku kapamba. Puloteni imeneyi yapangidwa kuti, ndipo yafika bwanji pamwambapo? Ndimawasiya akangane m'magulu theka la ola. Kuti ayankhe ayenera kulondola njira yonse, kuchokera ku DNA ya kachilombo, ribosome yake, endoplasmic reticulum yake, kudutsa nembanemba ziwiri, mpaka m'timatumba totchedwa Maurer's clefts timene kachilomboko kamadzimangira m'nyumba ya eni. Kumatirira kumeneku kukachitika mu ubongo ndi kumene kumakomola ana, ndipo muyeso umene madokotala amagwiritsa ntchito poona kukomoka kwa mwana, Blantyre Coma Scale, unakonzedwa kwathu kuno ndi Malcolm Molyneux, Terrie Taylor ndi anzawo, n'kusindikizidwa mu 1989. Ophunzira athu ayenera kumva kuti sayansi imeneyi inachitikanso pa chipatala cha Queens ku Blantyre, pamtunda pomwepa.

Za lysosome ndimazikamba ndi chloroquine. Kachilombo kamagaya haemoglobin m'kathumba ka asidi, ndipo mankhwalawa ankaunjikana m'menemo n'kukalepheretsa kusandutsa zotsalira zapoizoni kukhala timiyala. Puloteni imodzi ya pa kathumbako, PfCRT, itasintha, inayamba kupopera mankhwalawo kunja. Malawi ndi dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine, mu 1993, kupita ku Fansidar, kenako ku LA mu 2007. Patatha zaka pafupifupi khumi chisiyireni, ofufuza ku Blantyre anapeza kuti tizilombo tosamva chloroquine tija tasowa. Akuluakulu a m'kalasi amakumbukira kuwawa kwa mapilitsi aja ndi kuyabwa kwake, achinyamata amangomva.

Nzimbe, mayi, ndi kugawikana

Phunziro la chloroplast lili m'mbali mwa msewu wa ku Nchalo. Pemphani tsamba la nzimbe, kapena thyolani la mapira kumunda kwanu, mulipanikize pakati pa zidutswa ziwiri za karoti, mudule ndi lezala watsopano timagawo topyapyala kwambiri. Pa khumi timakhala tabwino tiwiri, choncho aliyense adule ambiri. Adzaona mkanda wa maselo obiriwira kwambiri wozungulira mtsempha uliwonse wa tsamba. Tsamba la nyemba kapena la thonje lilibe mkanda wotero. Kukatentha, Rubisco, puloteni imene imagwira mpweya popanga chakudya m'tsamba, imayamba kugwira oxygen m'malo mwa carbon dioxide, ndiye nzimbe, mapira ndi chimanga zimagwira carbon dioxide m'maselo akunja n'kuipanikizira mu mkandamo. Hatch ndi Slack analongosola njira imeneyi mu 1966 ku Brisbane, akugwira ntchito pa nzimbe zomwezi. Nkhani ya chifukwa chake makolo athu ankadalira mapira ndi mchewere m'chigwa chotentha chino imabwera yokha.

Pa mitochondria ndimadutsa msanga, koma chinthu chimodzi sindichisiya. Ali ndi DNA yawoyawo, yozungulira ngati ya mabakiteriya, ndipo munthu amaitenga kwa mayi ake okha. Ndikanena zimenezi Amang'anja a m'kalasi amayang'ana anzawo Achisena akumwetulira, pakuti Amang'anja amawerenga mtundu kuchikazi. Ndimawalola aseke pang'ono, kenako ndimawakumbutsa kuti chromosome ya Y imayenda kuchimuna, n'kuwapatsa ntchito yojambula banja lawo mibadwo itatu, asonyeze amene ali ndi mitochondria a agogo aakazi.

Za kugawikana kwa selo, ikani anyezi pakamwa pa botolo la madzi masiku anayi kapena asanu phunziro lisanafike, mudule nsonga za mizu m'mawa. Musalekere pa kutchula prophase ndi metaphase. Pitirizani mpaka pa mabuleki a selo, p53 ndi Rb, ndi mmene mapuloteni E6 ndi E7 a kachilombo ka HPV amawathyolera. Khansa ya khomo la chiberekero, imene HPV imayambitsa, yatha amayi ambiri m'dziko muno, ndipo katemera wake anayamba kuperekedwa kwa atsikana a zaka 9 mu 2019. Aphunzitsi amene ali patsogolo panuwo ndi amene makolo amawafunsa ngati katemerayu ndi wabwino.

Chilankhulo ndi mafanizo

Mayeso amalembedwa m'Chingerezi, ndipo mawu ngati osmosis ndi ribosome sindiwamasulira. Koma ndisanalole munthu kulemba, ndimamuuza afotokozere mnzake m'Chichewa kapena m'Chisena, ngati akuuza azakhali ake. Amene waloweza chabe amakakamira pa chiganizo chachiwiri. M'Chingerezi munthu amatha kubisala kuseri kwa mawu aatali, m'chilankhulo cha kwawo pobisala palibe.

Mafanizo samalani nawo. Lakuti nucleus ndi mfumu ya mudzi ndimalikana, chifukwa selo lofiira limakhala masiku 120 popanda mfumuyo, ndipo wophunzira amayamba kuganiza kuti nucleus imaganiza ndi kulamula. Ndimakonda kunena kuti ndi nkhokwe ya malangizo imene imatsegulidwa malinga ndi uthenga wochokera kunja. Fanizo lililonse limene mwapereka, funsani kalasi kuti likulakwika pati.

Pa mayeso, theka la malikisi ndimaika pa mafunso amene yankho lake silili m'manotsi. Mwachitsanzo: mlimi wathira feteleza wambiri pafupi ndi phata la chimanga kopanda mvula, m'mawa mwake chafota, fotokozani. Kapena: mayi wasungunula paketi ya Thanzi m'kapu imodzi m'malo mwa lita, chichitike n'chiyani m'matumbo a mwana? Auzeni kuyambira sabata yoyamba kuti mafunso adzakhala otere, ndipo muziyeserera nawo limodzi sabata iliyonse, kuti asadzaone ngati mwawatchera msampha.

Zonyamula

Ndikamatsika ndimanyamula malezala, ma slide ndi tigalasi tambiri kuposa timene ndikuganiza kuti tifunika, iodine, methylene blue, kasikelo ka mabatire, marula oonekera, ndi tochi ziwiri. Magetsi akazima, tochi ya foni yoikidwa pansi pa maikulosikopu, ndi kapepala koyera pamwamba pake kuti kuwala kufalikire, imagwira ntchito mpaka pa lens ya 40. Foni yomweyo ikaikidwa pa diso la maikulosikopu imajambula bwino, ndipo zithunzizo timaziika pa gulu lathu la WhatsApp, chilichonse ndi muyeso wake, kuti mphunzitsi wa ku Makhanga amene sukulu yake ilibe chida akaonetse ana ake.

Musanachoke, pukutani mafuta pa lens ya 100 ndi pepala lake, osati ndi tishu kapena nsonga ya chitenje. Mdani wamkulu wa maikulosikopu kuno ndi nyengo ya dzinja, pamene kutentha kwakumana ndi chinyezi: nkhungu imamera mkati mwa lens ngati ulusi wa kangaude, ndipo ikadya galasi palibenso chochita. Musawavindikire ndi pulasitiki n'kuwatsekera m'kabati yachinyezi. Aikeni m'bokosi lotseka bwino pamodzi ndi timapaketi ta silica gel, tija timapezeka m'mabokosi a nsapato ndi a mankhwala, ndipo timapaketito muzitiumitsa mwezi ndi mwezi. Ngati sukuluyo ili kumene madzi amafika, monga anachitira mu Januwale 2015 ndi nthawi ya Freddy mu Malichi 2023, bokosilo likhale pa shelefu ya pamwamba penipeni, ndipo mphunzitsi amene amagona pafupi akhale ndi kiyi.